Anachisale, Amene Ankasunga Magule M'mutu

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirire Anachisale. Anatisiya m'nyengo yachisanu, atagona masabata atatu m'chipatala china ku Maryland ndi matenda a mtima. Thupi lawo tinaliperekeza ku bwalo la ndege, ndipo anakaikidwa kwawo ku Dedza. Pa mapepala a boma dzina lawo linali Felesiya, koma kuno ankawatchula choncho ndi Azungu a kuntchito okha. Ife Amalawi a ku Hyattsville, Alexandria ndi Springfield tinkati Anachisale, ndipo ana athu, amene Chichewa amachimva koma kuyankha amayankha m'Chingerezi, ankati Agogo Chisale.

Anali mayi wamfupi, wa maondo otupa, wogwira ntchito yochapa ndi kusita pa nyumba ina yosamalira okalamba. Ndi kumene ndinawapeza ine nditangofika kuno, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Iwo anali atabwera kale kudzathandiza mwana wawo Esinati, namwino, kulera ana, koma kukhala m'nyumba tsiku lonse kunawakanika, ndiye anafuna ntchito. Panapita miyezi ndisanadziwe kuti mayi ameneyu anakhala zaka zambiri m'gulu la magule la dziko lathu, lija boma linkalitumiza kunja. Sanandiuze okha. Tsiku lina ndinawaona akupinda nsalu za pabedi uku phazi lamanja likuponda pansi kawiri, lamanzere kamodzi, osaphonya. Nditafunsa anati ndi chimtali chimenecho, koma iwo sakuvina, ndi miyendo chabe ikukumbuka.

Kuyambira tsiku limenelo, nthawi ya nkhomaliro inasanduka sukulu. Anandiuza mmene galimoto ya boma inafikira pa boma la Dedza, dziko litangolandira ufulu, ndipo amuna atatu ovala mataye anakhala pa tebulo kuonerera magulu a m'midzi. Pa akazi onse anasankhapo awiri. Mmodzi anali Anachisale, amene anali atakwatiwa kale, mwamuna wawo ali ku Joni. Ku tauni anakumana ndi anthu amene zilankhulo zawo anali asanazimvepo. Wa ku Mulanje ankaphunzitsa tchopa, wa ku Mangochi manganje, wa ku Rumphi vimbuza, ndipo aliyense ankayenera kudziwa gule wa mnzake ngati wa kwawo. Ankati chaka choyamba chonse anakhala akusekana ziuno, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi pake pamene umathyolera thupi.

Ndondomeko ya magule ankaitchula ngati mmene Akatolika amatchulira korona. Amuna ankatsegula ndi ingoma, zishango m'manja, kuti anthu akhale tcheru. Kenaka chimtali, beni, tchopa, n'kupuma. Akabwerera, vimbuza, manganje, chisamba, n'kutseka ndi malipenga. Ankadziwa chaka chimene beni anamuchotsa chifukwa mayunifolomu anang'ambika, ulendo umene anaonjezera likhuba, ndi dzina la mtsikana aliyense amene anatsogolerapo nyimbo. Mukasokoneza dongosolo, ngakhale mwanthabwala, ankakukonzani nkhope ili gwa.

Maiko ankawakumbukira pansi pake. Mukawafunsa za Germany, sankanena za nyumba kapena chakudya, ankati kumeneko matabwa a pa siteji amalira bwino, ukaponda amakuyankha. Ku Japan pansi panali poterera, moti ankanyowetsa mapazi asanalowe. Ku West Africa anavina pa simenti yotentha masana, ndipo ankati maondo awo anatsala kumeneko. Ku Scotland kuzizira kunafewetsa zikopa za ng'oma, eni holo n'kukana kuti asonkhe moto, ndiye oimba ng'oma anaziwamba pa mbaula ya magetsi mpaka imodzi inaphulika. Nkhani imeneyi ankaikonda kwambiri, ndipo nthawi iliyonse ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankamutchula mosaseka: Bambo Kalinde, mtsogoleri wa gululo, amene kale anali mphunzitsi. Ankati bamboyo ankaima kuseri kwa nsalu ya pa siteji ndi wotchi m'manja. Gule amene kumudzi amatha tsiku lonse, iye anamudula kukhala mphindi zisanu ndi ziwiri, ati Azungu satha kukhala nthawi yaitali. Mawu a nyimbo zambiri anawasintha n'kuikamo otamanda akuluakulu a nthawi imeneyo. Anachisale sankabisa kuti nawonso anathandiza kudulako, chifukwa ndiwo ankadziwa pamene nyimbo ingadulidwe osafa. Koma mawu enieni, a kumudzi, anawasunga onse. Ankati nyimbo iliyonse ali nayo pawiri, yovala yunifolomu ndi yovala chitenje.

Loweruka lililonse masana ankaphunzitsa ana athu m'chipinda chapansi cha tchalitchi china ku Hyattsville. Sanali mphunzitsi wofatsa. Mwana akayankha kuti "I'm tired", iwo ankamuuza kuti atope m'Chichewa kaye ndiye apume. Mwana wanga wamkazi anasiya atapitako kanayi, akulira kuti agogo aja amuuza kuti akuvina ngati akupha nyerere. Ng'oma ankaimba ndi a Tembo, bambo wa ku Chipata woyendetsa takisi, amene paunyamata wawo anaimbirapo magulu a ku Lusaka. Awiriwa sankatha Loweruka osakangana.

"Amai, manje imwe a ku Malawi, chitelele munachitenga kwa ise," ankatero a Tembo. "Nikuuzani zoona chabe."

"Inu a Tembo, imbani ng'oma. Mukuthamanga ngati muli ndi pasinjala wa ku eyapoti."

Tsiku lina a Tembo anakwiyadi, n'kunyamula ng'oma yawo, n'kunena kuti sadzabweranso. Loweruka lotsatira takisi yawo inali pakhomo pa Anachisale kudzawatenga nthawi yomweyo ya masiku onse, ndipo palibe anatchulanso za mkanganowo.

Anakangananso ndi komiti ya Amalawi pamene inkakonza chikondwerero cha ufulu. Akomiti ankafuna ana avine vimbuza, ati ndi zimene zimakopa alendo. Anachisale anakana. Anati vimbuza ndi mankhwala a anthu odwala, ndipo iwo anaona ndi maso awo mnzawo wina akugwidwa ndi mizimu zenizeni pa siteji ku Ulaya, akuphupha pansi, Azungu n'kumaomba m'manja kuti wavina bwino. Wapampando anawakumbutsa kuti iwo omwe anavina vimbuza zaka zonse zija. Anayankha kuti n'chifukwa chake akukana. Chaka chimenecho dzina lawo silinalembedwe pa pulogalamu, ndipo miyezi ingapo ankalonjerana ndi wapampandoyo mongokwaniritsa mwambo.

Esinati anawatengerapo Lamulungu lina masana ku holo yaikulu ya mu Washington kukaonera bale, gule wa Azungu uja wovina choimirira pa zala za kumapazi. Anabwerako ndi ulemu waukulu. Anati amenewo ndi anthu a ntchito, ndipo iwo sanayang'ane nkhope kapena zovala koma mapazi okha, chifukwa ankadziwa mmene mapaziwo adzakhalire akadzakalamba. Chinawadandaulitsa n'chakuti mtsikana anazungulira kosawerengeka anthu ali chete ngati pamaliro. Ndiye iwo anaimba nthungululu. Esinati anati anafuna kulowa pansi pa mpando.

Mukawafunsa chifukwa chimene anasiyira gulu la dziko, ankangoloza maondo. Nkhani yeniyeni inatuluka chilimwe china, boma litasintha kale kwathu, pamene tinamva kuti gululo likubwera ku Washington kudzavina pa chionetsero cha maiko osiyanasiyana. Amalawi tinakonza zolilandira ku holo ya tchalitchi china ku Alexandria, kumene linkayenera kuchitiranso pulakatisi. Tinamvanso kuti Bambo Kalinde abwera nawo ngati mlangizi. Anachisale anati sapita, ali ndi zochapa zambiri. Koma m'mawa wa tsikulo anandiimbira foni.

"Anaphiri, mudzanditenge. Maondo akukana masitepe a ku sitima ya Metro."

Ndinawapeza atavala chitenje ndi duku, chinthu chimene sankachita pakati pa sabata. Titangolowa mu msewu waukulu anayamba kulankhula, maso ali kutsogolo. Anati Esinati si mwana wawo woyamba. Panali wina, wamwamuna, wa zaka zinayi, amene anamusiya ndi amayi awo kumudzi pamene gulu linkapita ku Ulaya ulendo wa miyezi iwiri, mizinda isanu ndi umodzi. Atabwerako, pa bwalo la ndege anapeza mlamu wawo atagwira chipewa m'manja. Mwanayo anali atamwalira ndi chikuku, ndipo pa manda udzu unali utayamba kale kumera. Mphunzitsi wa pamudzi anali atatumiza telegalamu ku gulu. Telegalamuyo inafika. Bambo Kalinde anaisunga osawauza.

"Amayi anga masiku a pa kalendala sankawadziwa," anatero. "Ankangoti kunali anthu atayamba kukolola. Mphunzitsi wa pamudzi uja anamusamutsa ndisanamufunse. Ndiye ine mpaka lero sindidziwa kuti mwana wanga anafa ndili kuti."

Ndinafunsa ngati anamufunsapo Bambo Kalinde. Anati nthawi imene ija munthu sunkafunsa, ndipo kusiya gulu kunali ngati kunyoza boma. Anavinabe zaka zina zisanu ndi chimodzi pansi pa bamboyo, osalankhula naye china koposa za ntchito.

Titafika, holo inali yodzaza. Achinyamata a m'gululo anali pakati pa pulakatisi, ndipo Bambo Kalinde anakhala pa mpando kutsogolo, nkhalamba yowonda ya ndodo, jekete likuwakulira. Atationa anadzuka movutika n'kuvula chipewa.

"Mayi Felesiya. Ndinamva kuti muli kuno."

Anachisale anapinda maondo pang'ono, mwaulemu, koma dzanja sanapereke. Anakhala pa mpando wina chapatali n'kuyamba kuonerera. Atsikana anali kuvina chisamba, gule wa amayi amene kwathu amavinira mkazi wa mimba yoyamba. Mapazi awo anali bwino, koma nyimbo inali yoduka. Mawu otamanda aja anali atawachotsa boma litasintha, ndipo m'malo mwake munalibe kanthu. Ankangobwereza mzere umodzi, kwinako n'kumang'ung'udza. Bambo Kalinde anaimitsa ng'oma, n'kuyenda ndi ndodo yawo mpaka pamene panali Anachisale.

"Mwamva nokha, mayi. Mawu akale aja anatitayika. Amene ankawadziwa anatha. Mwatsala ndinu."

"Ndikupatsani," anatero Anachisale. "Koma muyambe mwandipatsa changa. Telegalamu ija inakupezani kuti?"

A Tembo, amene anabwera kudzaona ng'oma za anzawo, anaweramitsa mutu.

"Mayi, zimenezo ndi zakale," anatero Bambo Kalinde.

"Ndikudziwa kuti ndi zakale. Mzinda uti?"

Bamboyo anayang'ana chipewa chawo. "Hamburg. Pa hotela, m'mawa. Inati mwana wamwalira dzulo lake."

Anachisale anatsinzina, milomo ikuyenda, zala zikuwerenga pa bondo. "Ku Hamburg tinavina masiku awiri. Loyamba kapena lachiwiri?"

"Loyamba."

"Tsiku lija Anambewe, wotsogolera nyimbo uja, anadwala m'mimba, ine n'kutsogolera chisamba."

"Inde."

"Inu muli kuseri kwa nsalu ndi wotchi yanu."

"Inde, mayi. Pepalalo linali m'thumba la jekete langa." Anatsamira ndodo yawo. "Ndikanakuuzani, gulu lonse likanakhala pansi kulira. Ulendo ukanathera pompo. Ndiye kwathu aboma akanandiitana kukafotokoza, ndipo mukudziwa kuti oitanidwa masiku amenewo ena sankabwerera. Ndinali ndi ana inenso. Ndinaopa."

"Sindinafunse chifukwa chake," anatero Anachisale. "Ndafunsa malo."

Anawerama n'kuvula nsapato zawo zoyera za kuntchito, n'kuziika bwinobwino pansi pa mpando. Anadzuka, n'kupita pakati pa atsikana aja, n'kuwafunsa maina mmodzimmodzi ndi kwawo. Kenaka anayambitsa nyimbo. Ine ndinali nditawamva akuimbira ana Loweruka lililonse, koma mawu amene anatuluka tsiku limenelo anali ena, aakulu, osagwirizana ndi thupi lawo. Anaphunzitsa maola awiri. Ndime iliyonse ankaibwereza mpaka atsikanawo ataigwira, ndipo ankawafotokozera tanthauzo lake, chifukwa mawu ena anali Chichewa chakale chimene ana a m'tauni sachidziwa. Wina akalakwitsa ankamukalipira monga ankachitira ndi ana athu. Kuvina sanavine kwenikweni, maondo sakanalola, koma ankaonetsa ndi mapewa ndi phazi limodzi, ndipo zinali zokwanira.

Atamaliza anavala nsapato. Bambo Kalinde anabweranso, atatambasula dzanja. Anachisale analiyang'ana dzanjalo.

"Dzina lake anali Lemani," anatero. "Zaka zonse zija simunafunsepo."

"Lemani," bamboyo anabwereza.

"Eya."

Anawagwira dzanja kamodzi, mwachidule, n'kundiuza kuti tizipita. Chakudya sanadye. Tinakwera galimoto n'kuwoloka mlatho wa pa mtsinje wa Potomac. Ndipamene ananena, ngati akudziuza okha, kuti Hamburg unali mzinda wachinayi.

"Ndiye kuti itatu yoyamba ija ndinavina ndili ndi mwana."

Ku chionetsero chenicheni sanapite. Anagwira ntchito tsiku limenelo, ndipo titawauza kuti chisamba chinachititsa anthu kuimirira, anangofunsa ngati mtsikana wa ku Ntchisi uja sanathamangitse ndime yachitatu. Za Bambo Kalinde sanalankhulenso, zabwino kapena zoipa. Patapita nthawi tinamva kuti bamboyo anamwalira ku Zomba. Anachisale anati Mulungu awalandire, n'kupitiriza kusita. Esinati anandiuza pambuyo pake kuti iye ankadziwa kuti anali ndi mchimwene amene anamwalira, koma za telegalamu anazimva koyamba kwa ine.

Sindinganene kuti tsiku la ku Alexandria linawasintha. Anapitiriza kukangana ndi a Tembo ndi kuliza ana a anthu. Atayamba kudwala anakana kusiya ntchito mpaka tsiku limene anakhala pansi m'chipinda chochapira n'kulephera kudzuka. M'chipatala ankadandaula kuti anamwino a kuno amayenda mokoka mapazi. A Tembo ankapita kukawaona tsiku lililonse akatsitsa pasinjala wa masana, ndipo ulendo womaliza anatuluka m'chipindamo akupukuta m'maso, n'kutiuza kuti amai aja awauza kuti mpaka pano sanaphunzire kudikira nyimbo.

Mwezi wathawu kunali ukwati ku Springfield, mwana wa Amalawi anzathu akukwatiwa ndi mnyamata wa ku Zambia. Titatha kudya, woyendetsa mwambo analengeza kuti tsopano amayi avinire mkwatibwi. Tinadzuka ngati khumi ndi awiri, zitenje m'chiuno, n'kuima mozungulira. A Tembo anakhala pambali, ng'oma pakati pa miyendo, manja ali m'mwamba pang'ono. Tinayamba kuomba m'manja. Tinaomba, tinaombanso, aliyense akuyang'ana mnzake. Ndipamene tinazindikira kuti tonsefe timadziwa kuvomera nyimbo, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anaiyambitsapo.

Kuomba kuja kunazilala pang'onopang'ono. A Tembo anatsitsa manja n'kuwaika pa chikopa. Pakati pa Esinati ndi mayi wina wa ku Lilongwe panali mpata wokwana munthu mmodzi wamfupi. Sitinapangane kuusiya, ndipo palibe anasendera kuti autseke. Tinaimabe choncho, mpatawo uli pomwepo, mpaka woyendetsa mwambo anatsokomola n'kuitanitsa keke.